Bulu wa Balamu ndi Kulira kwa Inveta

Owerenga athu ambiri a m'dziko la Mfumu Mnkhanya, pamodzi ndi Akunda anzawo a kwa Nsefu, kwa Kakumbi, kwa Jumbe, kwa Malama ndi kwa Msoro, ali ndi magetsi a dzuwa m'nyumba zawo. Ena anagula kalekale chifukwa mawaya a ZESCO apita kutali ndi mudzi wawo. Ena anagula m'chaka cha 2024, chaka cha chilala chachikulu, pamene madzi anachepa m'nyanja ya Kariba ndipo ngakhale a m'matauni ankagona mumdima. Chifukwa chake phunziro lino linena za chinthu chimene chasautsa mabanja ambiri kuno ku Malambo: bokosi lija lotchedwa inveta liyamba kulira, kanyali kofiira kayaka, magetsi azima, ndipo mwini nyumba asowa chochita.

Tiyambe ndi nkhani imene ana a Sande Sukulu aidziwa bwino, ya m'buku la Numeri, mutu 22. Balamu anali pa ulendo atakwera bulu wake, ndipo buluyo anaona mngelo ataima panjira ndi lupanga, chinthu chimene mbuye wake sanachione. Bulu anapatukira kumunda, kenaka anadzikanikiza kukhoma, potsiriza anagona pansi; ndipo katatu konse Balamu anamkwapula, poyesa kuti nyamayo ili kumchitira mwano. Koma kukana kwa bulu ndiko kunasunga moyo wa mwini wake. Sitinena kuti m'inveta muli mngelo, iai. Tingoti inveta ikadula magetsi kawirikawiri imakhala itaona choopsa chimene inu simunachione, ndipo nzeru ndiyo kufunsa chimene yaona musanatenge chikoti.

Mkulu wina wa mpingo anadza kwa ine tsiku lina nkhope ili yakugwa, nati, "Aphunzitsi, anandigulitsa chinthu chakufa. Firiji ikangoti iyambe, inveta ilira ndi kuzima. Mphwanga akuti tilumikize mawaya molambalala kachipangizo kodula kaja, kuti kaleke kutivuta." Ndinampempha kuti adikire kufikira titaona. Za chimene tinapeza ndinena m'tsogolomu. Koma uphungu wa mphwake uja ndiwo chikoti cha Balamu.

Alonda awiri

Magetsi a dzuwa ali ndi ziwalo zinayi. Mapanelo a padenga ali ngati munda, pakuti akolola kuwala. Batire ndilo nkhokwe. Pakati pa munda ndi nkhokwe pali kontirola, woyang'anira kuti nkhokwe isasefukire. M'mainveta ambiri atsopano kontirolayo ali m'kati mwa bokosi lomwelo. Inveta ndiyo chigayo: itenga magetsi a m'batire, a mavoliti 12, 24 kapena 48, niwasandutsa a mavoliti 230, onga a ZESCO, amene wailesi yakanema ndi firiji zimadya.

Mabatire amene tili nawo ndi a mitundu iwiri. Akale ndiwo a mtovu ndi asidi, olemera aja, amene Mfalansa wina dzina lake Gaston Planté anawapanga poyamba m'chaka cha 1859. Batire la mtovu la mavoliti 12 lili ndi zipinda 6, chilichonse cha mavoliti 2 ndi pang'ono. Batire lotere lilibe mlonda wake; inveta ndiyo imalilonda, ndipo mphamvu ikatsika kufika pa mavoliti 11 kapena 10.5, idula. Imatero chifukwa batire la mtovu likakokoledwa kufikira pansi, mbale zake za m'kati zimachita nkhanambo zoyera zimene zimauma, ndipo silibwereranso mwakale.

Atsopano ndiwo a lithium, opepuka ndi okwera mtengo. Mtundu umene uikidwa m'nyumba, wolembedwa LiFePO4, unachokera ku ntchito ya John Goodenough ndi anzake ku Texas m'zaka za m'ma 1990. Mkuluyo analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2019. Batire lotere la mavoliti 12 lili ndi zipinda 4, chilichonse cha mavoliti 3.2, ndipo m'kati mwa bokosi lake muli kachipangizo kotchedwa BMS, kamene ife tikatcha mlonda wa m'kati. Mlondayu ayang'ana chipinda chilichonse pachokha. Chimodzi chikakwera kupitirira mavoliti 3.65, kapena chikatsika kufika pa 2.5, iye atseka khomo. Atsekanso magetsi akatuluka ochuluka koposa, mawaya akagundana, kapena batire likatentha.

Tsono choyamba muzindikire mlonda amene wadula. Galasi la inveta likakhala loyakabe, nilionetsa nambala kapena chithunzi cha batire, yadula ndi inveta. Koma zonse zikazima kamodzi, ndi galasi lomwe, ndipo batire lanu ndi la lithium, ndiye kuti mlonda wa m'kati ndiye watseka.

Kope ndi mita

Zida ziwiri zifunika, ndipo zonse n'zotsika mtengo poyerekeza ndi batire. China ndi kope la sukulu. Nthawi iliyonse inveta ikalira, lembani ola lake, zinthu zimene zinali zoyatsidwa, nambala imene yaoneka pa galasi, ndiponso ngati kunacha ndi dzuwa kapena ndi mitambo. Manambalawo atanthauza zosiyana mwa opanga osiyana, chotero nambala ya mnansi wanu siili yanu. Tanthauzo lake lili m'kabuku kamene kanadza m'katoni. Ndidziwa kuti m'nyumba zambiri kabukuko kanakolezera moto tsiku lomwelo. Amene muli nakobe, kaikeni pamodzi ndi makadi a ubatizo.

China ndi mita yoyezera magetsi, imene ipezeka m'masitolo a ku Chipata. Muitembenuzire pa V wa mzera wowongoka, pa 20 ngati batire ndi la mavoliti 12, ndi kukhudza kansonga kofiira pa mutu wa batire wa chizindikiro cha +, kakuda pa wa −. Mpingo umodzi ukhoza kusonkha ndi kugula mita imodzi ya onse.

Mukalemba masiku angapo mudzaona kuti vutolo lili ndi nthawi yake, monga malungo, ndipo nthawiyo ndiyo iulula nthenda.

Ikalira pakati pa usiku kapena mbandakucha

Uku ndiko kulira kofala koposa, ndipo tanthauzo lake n'lakuti nkhokwe yatha. Tiyeni tiwerengere. Batire la mavoliti 12 lolembedwa 100Ah lisunga mphamvu yokwanira kuyatsa chinthu cha mawati 100 kwa maola 12, ndiko kuti miyeso 1,200. Koma la mtovu sitiyenera kulidya kupitirira theka, monga mlimi wanzeru sadya mbewu. Chotero yanu ndi miyeso 600 yokha. Wailesi yakanema ya mawati 60 kwa maola 4 idya 240. Mababu 5 a mawati 5 kwa maola 5 adya 125. Ndipo chimene ambiri sachidziwa n'chakuti inveta nayonso imadya ingakhale palibe choyatsidwa. Ya mawati 15 ikagona yoyaka maola 12 yadya 180. Taonani, mwafika kale pa 545, firiji isanalowemo, ndi mafoni a anansi omwe. Inveta ikalira pa 3 koloko usiku yanena zoona. Batire la lithium lilola kudyedwa mozama koposa apo, koma nalonso lili ndi pansi pake.

Kapena nkhokweyo sinadzaze n'komwe. Kuyambira Ogasiti kufikira Okutobala fumbi ndi utsi wa lupsa zimaphimba mapanelo, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale mitambo ikhoza kubisa dzuwa masiku otsatizana. Tsukani mapanelo ndi madzi oyera ndi kansalu kofewa m'mamawa, galasi lisanatenthe. Onaninso mthunzi: mtengo wa mango umene unali waufupi pamene munakhoma mapanelo wakula tsopano, ndipo mthunzi wa nthambi imodzi pa ngodya ya panelo uchepetsa zokolola koposa muyeso wa mthunziwo.

Kuti mudziwe ngati batire la mtovu lili ndi moyo, lidzazeni tsiku lathunthu la dzuwa popanda kuyatsa kanthu, madzulo mulichotse ku zonse, lipume maola angapo, ndipo muliyeze. Likaonetsa 12.6 kapena 12.7 ladzaza. Pa 12.2 lili pa theka. Likaonetsa pafupi ndi 10.5 lingakhale lakhala pa dzuwa tsiku lonse, chipinda chimodzi chafa, ndipo palibe mankhwala. Palinso batire lonyenga: lidzaza msanga, 10 koloko isanakwane, nilitha msanga madzulo. Limenelo lakalamba, lili ngati nkhokwe imene chiswe chamangamo chulu, yooneka yodzaza koma chimanga chili pamwamba pokha. La lithium mita siliulula bwino chotere, pakuti likhala pafupi ndi 13.2 kuyambira litatsala lambiri kufikira litatsala pang'ono, kenaka ligwa mwadzidzidzi.

Amene muli ndi mabatire awiri olumikizidwa kuti apange mavoliti 24, yezani lililonse palokha. Asiyane pang'ono pokha. Ambiri amaba magetsi a wailesi kapena a babu pa batire limodzi la awiriwo, ndipo limenelo lifooka, linzake lipsa ndi kudzazidwa koposa. Momwemonso kumanga latsopano pamodzi ndi lakale kuli ngati kumanga ng'ombe yamphamvu m'goli limodzi ndi yodwala.

Ikalira pamene chinthu chachikulu chayatsidwa

Pano tikhalitsepo, chifukwa mabatire ambiri abwino atayidwa pa mlandu umene si wawo. Inveta yopereka mawati 1,000 kuchokera ku batire la mavoliti 12 iyenera kukoka maampu oposa 83, ndipo powerengera zotayika m'kati mwake afika pafupi ndi 90. Amenewo ndi madzi a mtsinje wa Lupande m'dzinja, sangadutse m'bango. Waya wa mababu a m'nyumba, wa 2.5, akatalika mamita 2 kupita ndi 2 kubwera, ataya mavoliti oposa 2 panjira pa katundu wotere, natentha ngati mbaula. Chotero batire lili ndi 12.4, koma pofika ku inveta patsala 10, ndipo inveta iyesa kuti batire latha. Ikadula, katundu achoka, mphamvu ibwerera, iyakanso, nidulanso. Waya woyenera pa ntchito imeneyi ndi wa mkuwa weniweni, wa 25 kapena 35, wonenepa kuposa pensulo, ndipo akhale wamfupi monga kungathekere.

Chiyeso chake n'chapafupi. Munthu mmodzi ayatse chinthu chimene chimadulitsa, wina ayeze pa mitu ya batire yeniyeniyo, kenaka ayezenso pamene mawaya alowera mu inveta. Kusiyana kukaposa theka la voliti, mlandu uli panjira. Mphamvu ikagwa pa mitu ya batire pomwepo, batire ndilo lofooka kapena laling'ono.

Kwa mkulu wa mpingo uja tinachita chomwechi. Pa batire mita inaonetsa 12.5, ku inveta 10.8 firiji poyamba. Titazima zonse ndinagwira mutu wa batire, ndipo unali wofunda. Nati yake inali yokhwepa, ndi ufa wobiriwira utazinga waya. Tinamasula, tinatsuka ndi madzi ofunda osungunulamo soda wophikira, tinapala mpaka mkuwa unawala, tinamanga zolimba ndi kupaka girizi pamwamba. Ntchito yonse sinathe ola limodzi. Polumikizira pakafunda, dziwani kuti pamenepo pali pothawira mphamvu, ndipo mpamene moto umayambira. M'nyumba ya udzu chimenecho si chinthu chochedwa nacho.

Dziwaninso kuti firiji ndi pampu ya madzi zimakoka mphamvu yochuluka kangapo pa kamphindi koyamba kuposa imene yalembedwa pa chikwangwani chake. Mlonda wa m'kati wa batire la lithium ali ndi malire ake, kawirikawiri maampu 100 pa batire la 100Ah, ndipo malirewo akapyoledwa atseka, ingakhale inveta ndi yaikulu. Ketulo ya magetsi idya mawati pafupifupi 2,000, simbi yositira 1,000 kapena kuposa. Pa batire limodzi la mavoliti 12 zimenezi zilekeni. Tiyi aphikidwe pa moto monga kale.

Ikadula masana dzuwa lili pamutu

Izi zidabwitsa anthu, pakuti ati, ikana bwanji chakudya chilipo? Zifukwa zake ndi ziwiri. China ndi kudzaza kopitirira. Inveta iliyonse ifuna kuuzidwa mtundu wa batire limene ilisamala. Ambiri anasintha kuchoka ku la mtovu kupita ku la lithium osasintha malangizo a m'kati, ndipo malangizo a la mtovu la madzi amalamula kuti nthawi zina mphamvu ikwezedwe kupitirira mavoliti 15 kuti zipinda zifanane. Kwa la mtovu amenewo ndi mankhwala, kwa la lithium ndi poizoni, ndipo mlonda atseka. La lithium la mavoliti 12 lidzazidwe pakati pa 14.2 ndi 14.6, monga mwa pepala la wolipanga, ndipo kukweza kuja kuzimitsidwe. Likamadulabe lisanafike pamenepo, chipinda chimodzi chatsogola zinzake. Tsitsani muyeso pang'ono, kufika ngati pa 14.0, ndi kulilola lidzaze mofatsa masiku angapo, pakuti mlonda amalinganiza zipinda pamene batire lili pafupi kudzaza.

China ndi kutentha, ndipo ife a m'chigwa tikudziwa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumapitirira madigiri 40 pamthunzi, ndipo m'kachipinda ka malata kotsekedwa kuposa apo. Opanga mabatire amayesa moyo wake pa madigiri 25. Batire la mtovu likakhala potentha madigiri 10 kuposa pamenepo, zaka zake zidulidwa pakati. N'chifukwa chake batire limene likhala zaka zinayi kumtunda ku Chipata likhoza kutha msanga kuno, popanda munthu kunyengedwa. La lithium likatentha kwambiri mlonda aletsa kudzaza kufikira litazizira. Ikani batire ndi inveta m'chipinda chozizira koposa, popita mphepo, kutali ndi denga ndi zenera la dzuwa, pa thandala lokwezeka kuti madzi a m'dzinja asalipeze. Musaziphimbe ndi nsalu yoluka, ingakhale ikongoletsa. Suzumirani m'timabowo ta mphepo ta inveta: fumbi, mavu omanga ndi dothi, ndi nalimata amakonda m'menemo, ndipo makoswe amatafuna mawaya.

Batire likagona

Batire la lithium likadyedwa kufikira mlonda atatseka, mita ikhoza kuonetsa 0 kapena mavoliti owerengeka, ndipo mwini ayesa kuti lafa. Kawirikawiri langogona. Chovuta n'chakuti mainveta ena sayaka popanda kuona batire, ndipo batire silitsegula popanda kumva magetsi olidzaza. Aliyense adikira mnzake. Mabatire ena ali ndi kabatani kodzutsira. Ena adzuka mukachotsa katundu yense ndi kudikira pang'ono, ena afuna tchaja ya muyeso wake. Musalisiye logona milungu yambiri, chifukwa zipinda zipitirira kutsika, ndipo zikatsikitsa ziwonongeka ndithu.

Nthawi zina mlonda atseka pa mphindi yomwe mulumikiza inveta, patathetheka moto. Chifukwa chake n'chakuti m'kati mwa inveta muli zosungira zimene zimameza magetsi ochuluka m'kuphethira kwa diso, ndipo mlonda ayesa kuti mawaya agundana. Amisiri amayamba adzaza zosungirazo pang'onopang'ono kudzera m'kachipangizo kochepetsa mphamvu, kwa masekondi angapo, asanamange waya wamkulu. Ntchito imeneyo isiyireni iwo.

Za kudzisamala pogwira

Pomasula, zimitsani katundu ndi inveta, dulani mapanelo, ndipo potsiriza batire, kuyambira waya wakuda. Pobwezera, batire liyambe, mapanelo atsirize, pakuti kontirola wolandira dzuwa popanda batire akhoza kupsa. Vulani mphete ndi wotchi, ndipo sipanala muikulunge ndi tepi, chifukwa chitsulo chikagona pa mitu yonse iwiri chimafiira pomwepo. Pafupi ndi mutu wa + pakhale fyuzi. Ikapsa, funani chimene chaipsereza, musamange waya m'malo mwake. Inveta musaitsegule, pakuti m'kati mwake mutsala mphamvu yakupha ingakhale yazimitsidwa.

Batire la mtovu la zitsekerero lifuna kuonedwa mwezi ndi mwezi, makamaka m'chilimwe. Madzi akatsika, onjezani madzi a batire ogula m'botolo, kufikira mbale zitamira. A pa mjigo ali ndi mchere umene uwononga, ndipo asidi saonjezedwa. Podzazidwa limatulutsa mpweya woyaka, chotero koloboyi, kandulo ndi fodya zikhale kutali. Asidi akagwera m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali ndi kuthamangira kuchipatala. Batire lililonse likatupa, likanunkha kapena likatentha losagwirika, lichotseni ku zonse, mulitulutse panja pa mchenga kutali ndi nyumba ndi nkhokwe, ndipo lisagwirenso ntchito.

Lakufa musaliswe kuti mutengemo mtovu wa maukonde kapena wa mbedza, ndipo ana asaseweretse. Mtovu ulowa m'magazi mosamveka nuononga nzeru za mwana. A ku Kabwe achidziwa chimenechi: mgodi wa mtovu unatsekedwa m'chaka cha 1994, koma fumbi lake linapitirira kudwalitsa ana zaka zambiri pambuyo pake. Batire lakale libwezeni lathunthu kwa ogula mabatire otha, madzi ake ali momwemo.

Mukayesa zonsezi koma inveta ikuliralirabe, itanani mmisiri kapena pitani kwa amene anakugulitsani. Mutenge kope lija, lisiti, ndi manambala amene mita inaonetsa pa batire ndi pa inveta, usana ndi usiku. Ngati batire likali m'nthawi ya chitsimikizo chake, musalitsegule ngakhale sikuluu imodzi, pakuti ogulitsa salandira bokosi lotsegulidwa.